Asintha sewero langa, kodi ndiwasiye?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Kasungu, omwe ndi aphunzitsi a pasekondale. Akuti adalemba sewero la masamba 30 lonena za mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akufuna kumulanda nyumba, n'kulipereka ku gulu la zisudzo la kwawoko. Patapita miyezi iwiri adapita kukaonera, ndipo adapeza kuti gawo lina alichotseratu, mlamu wankhanza uja wasanduka woseketsa anthu, mawu ambiri si awo, komanso pa posita pali dzina la dayilekita yekha. Akufunsa kuti: "Kodi ndiwasiye n'kumalemba pandekha? Nanga munthu angadye ndi kulemba masewero kuno kwathu?"

Achemwali, za dzina pa posita akulakwirani, ndipo tifikapo. Koma pa zosintha sewero mundikhululukire, sindikhala mbali yanu kwenikweni. Miyezi iwiri yonseyo, anzanu akutuluka thukuta pa mapulakatisi, inu munali kuti?

Zimene mudapereka zija zinali zisanapse. Mawu apapepala sadziwika ngati ali bwino mpaka atadutsa m'kamwa mwa munthu amene waimirira pamaso pa anzake. Tiyerekeze kuti mudalemba mayi wamasiye uja akuuza mlamu wake kuti, "Ndakhumudwa kwambiri ndi khalidwe lanu lopanda chifundo." Papepala palibe cholakwika. Koma mtsikana amene akusewera mbaliyo akangoyankhula, aliyense m'chipindamo amva kuti mayi wa pamudzi, amene akali ndi nsalu yakuda kumutu, sangayankhule chotero kwa mlamu wake. Mwina iye agwada, amuikire madzi osamba m'manja, n'kunena chapansipansi kuti, "Idyani alamu, ndi ufa womwe adasiya achimwene anu." Mawu amenewo abaya kuposa anu aja. Mukadakhalapo tsikulo mukadawalemba msangamsanga m'mphepete mwa tsamba, n'kukhala a m'sewero lanu. Popeza panalibe inu, mwakawamva ngati mlendo ndipo akupwetekani.

Komanso mudziwe kumene mwalowa. Zisudzo za kuno zili ndi mitsinje iwiri. Wina ndi wa sewero lolembedwa mawu ndi mawu, umene udakula kwambiri kudzera m'mpikisano wa masewero a m'Chingerezi wa sukulu za sekondale, wokonzedwa ndi ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi. Du Chisiza Jr adatulukira kumeneko asanayambitse gulu la Wakhumbata mu 1987. Nthawi ya Kamuzu kulemba zonse kudalinso kokakamiza, chifukwa lamulo la 1968 lidafuna kuti bungwe la boma loyang'anira zosangalatsa liyambe laona sewero lisanaonetsedwe. Mtsinje wina ndi wa zisudzo za m'Chichewa, momwe ochita ake kawirikawiri amagwirizana mutu ndi ndondomeko ya nkhani, mawu n'kumabwera pochita pomwepo. Anthu amene adakula akumvera Kapalepale pa MBC kapena kuonera Izeki ndi Jakobo khutu lawo lidazolowera zimenezo. A ku Chancellor College nawo, m'zaka za m'ma 1980, ankapita m'midzi ya ku Liwonde kukapanga masewero a zaumoyo ndi madzi pamodzi ndi eni mudzi, oonerera n'kumayankha ndi kutsutsa sewero lili mkati. Gulu lanulo mwachionekere ndi la mtsinje wachiwiriwu. Mukalipatsa masamba 30 n'kuchokapo, iwo amatenga ngati mwawapatsa poyambira basi.

Musaganize kuti kupangira pamodzi kumatsitsa mlembi. Ku South Africa, sewero la Sizwe Banzi Is Dead la mu 1972, lonena za mavuto a chiphaso chimene anthu akuda ankayenera kuyenda nacho, lidapangidwa ndi Athol Fugard pamodzi ndi atengambali ake awiri, John Kani ndi Winston Ntshona. Lidabadwira m'chipinda choyeserera. Kani ankalitsegula akuwerenga nyuzi ya tsiku limenelo n'kumaikapo ndemanga zake, moti chiyambicho chinkasintha usiku uliwonse. Mu 1975 atengambali awiriwo adalandira Tony, mphotho yaikulu ya zisudzo ku New York. Chimene ndikufuna muone n'chakuti mpaka lero seweroli limatchulidwa ndi mayina onse atatu. Palibe amene adafufutidwa.

Tsono pa nkhani ya mlamu wosanduka woseketsa, apo ndiye ndili nanu. Matenda amenewa ndi akulu m'magulu athu. Mtengambali akangomva holo yaphulika ndi phwete, mawa awonjezera, mkucha awonjezeranso, mpaka sewero la kulanda chuma cha amasiye lisanduka la bambo wovala jekete yothina amene akupunthwa pa mpando. Anthu aseka, atuluka, ndipo palibe amene akukumbuka kuti mayi uja wagona kuti. Kuseketsako si tchimo. Mlamu woseketsa atha kuopsa kuposa wolusa, ngati pali mphindi imodzi pamene oonerera adzidzimuka kuti amaseka limodzi ndi mbala. Koma pafunika munthu woti aziyang'anira mphindi imeneyo kuti isatayike.

Ntchito imeneyo ili ndi mwini wake m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo, makamaka ku Germany, kumene Gotthold Lessing adaigwira ku Hamburg kuyambira mu 1767. Wogwira ntchitoyi amatchedwa dramaturg. Sauza anthu poima, imeneyo ndi ya dayilekita. Iye amakhala pambali ndi kope, n'kumafunsa mafunso ovuta: mayiyu akufuna chiyani m'gawo lino? Wadziwa liti kuti makiyi atengedwa? Tikachotsa gawo la kwa amfumu, oonerera adziwa bwanji kuti adayesa kudandaula? Amafufuzanso zoona za nkhaniyo. Sewero ngati lanu lifunika wina amene wawerenga lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo akudziwa kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa, chifukwa kumene banjalo lidamanga nyumba ndiko kukuuzeni amene angabwere kudzailanda. Magulu athu alibe ndalama yolembera munthu wotere payekha. Mpando umenewo ulibe munthu, ndipo woyenera kukhalapo ndi inu mlembi.

Ndiye sewero lotsatira muchite chonchi. Musadikire kuti likhale losalala. Itanani gulu, likhale pansi mozungulira, aliyense awerenge mbali yake mokweza, inu muli chete. Kukhala cheteko n'kovuta kuposa kulemba, chifukwa mudzafuna kufotokoza zimene mumatanthauza, koma tsiku loonetsa simudzakhala pa siteji kuti mufotokoze. Pamene wowerenga wapunthwa kawiri, ikani chizindikiro. Pamene ena ayamba kutokosa foni, ikani chachikulu. Kenako sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene simulola kuti zikhudzidwe, muwauze poyera, zina zonse muzisiye m'manja mwawo. Mlembi amene amamenyera mawu aliwonse amatopetsa anthu, ndipo pofika pa chinthu chofunikadi amakhala atasiya kumumvera.

Za dzina tsopano. Sikudzikuza kufuna kuti likhalepo. Pitani kwa dayilekita, osati pa gulu la WhatsApp pomwe aliyense afuna kuonetsa ukali, mukamuuze kuti posita yotsatira ilembedwe kuti sewero adalemba ndinu ndipo lakonzedwa pamodzi ndi gulu. Mawu amenewo ndi oona mbali zonse ziwiri. Mtsogolo muno muzigwirizana musanapereke tsamba ngakhale limodzi: dzina lilembedwa bwanji, pa ndalama zapakhomo mlembi atengapo zingati akachotsa za holo ndi zoyendera, ndipo wina akajambula n'kuika pa YouTube chilolezo apereka ndani. Zilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, onse asayine. Lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso lili kumbali yanu, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, alipo chifukwa cha nkhani zoterezi. Sungani zolemba zanu zoyambirira zija.

Funso lomaliza ndiyankha mosazungulira: choko musachitaye. Ndalama zapakhomo zokha sizisunga mlembi. Ngakhale Du Chisiza, amene adamwalira mu 1999, ndi Gertrude Kamkwatira amene adadzayambitsa gulu la Wanna-Do, sadali alembi okha. Ankalemba, kutsogolera, kusewera ndi kuyendetsa gulu nthawi imodzi. Ambiri amene amapezako kangachepe lero amalembera mawailesi ndi kanema, kapena mabungwe ofuna masewero a uthenga. Ntchito ya mabungweyo imalipira, koma chenjerani nayo, chifukwa mukaizolowera atengambali anu onse ayamba kuyankhula ngati alangizi a zaumoyo.

Inu muli ndi chimene alembi ambiri akusowa: ana asukulu amene angayeserere nanu masana aliwonse popanda kufunsa ya thiransipoti, ndi mipikisano ya sukulu yoti mukayeserepo zolemba zanu. Gawo lija adachotsa a gululi mukalipereke kwa ana a Fomu 3 aliwerenge mokweza. Likagwira anawo, bwererani nalo kwa dayilekita mukalimenyere. Likawagonetsa tulo, ndiye kuti anzanu aja adaona bwino, ndipo mulisiye kunja komweko.