Kalata yoti mwana wanu akujomba kwambiri: kodi ndi nkhani ya kukhothi?

Mayi wina amene akukhala ku America wanditumizira imelo sabata yatha ali ndi nkhawa zedi. Akuti walandira kalata yochokera ku distirikiti ya sukulu yoti mwana wake wa giredi 2 ali mgulu la ana ojomba kwambiri, chonsecho tsiku lililonse lomwe mwanayo sanapite iwo amaimba foni kusukulu kunena kuti mphumu yamuyambanso. Ndiye akufunsa kuti kodi awatengera kukhothi?

Mayi, mtima m'malo kaye. Kumeneko kuli mawu awiri omwe anthu amawasokoneza. Truancy ndi kujomba popanda chifukwa chovomerezeka, ndipo kumeneko ndi komwe makhothi ndi chindapusa zimalowa, malingana ndi malamulo a state (chigawo cha America) yomwe mukukhala. Chronic absenteeism ndi ina, iyi amawerenga masiku onse, kaya mwana anadwala, kaya kalata ya adokotala ilipo, kaya ndi sukulu yomweyo inamuimitsa, zonse amaphatikiza ndipo zikakwana 10 peresenti ya masiku asukulu dzina limatuluka basi. Chaka chasukulu chimakhala cha masiku ngati 180, ndiye ndi masiku 18 okha. Awiri pamwezi. Kholo sungazindikire n'komwe kuti afika pamenepo. Kalata yanuyo, mmene mwaifotokozera, ndi ya mtundu wachiwiriwu.

Nanga bwanji masukulu akulimbikira chonchi masiku ano? Lamulo la maphunziro la ESSA la 2015 litabwera, ma state ambiri anayamba kuyeza masukulu awo potengeranso kujomba kwa ana. Kenako kunabwera Covid, ana ojomba motere anali pafupifupi 15 peresenti mliri usanayambe koma mu 2021-22 anafika cha m'ma 28 peresenti. Komanso tisabise, ku California ndi ku Texas ndalama zomwe sukulu imalandira zimatengera ana omwe abwera tsiku ndi tsiku, ndiye mpando ukakhala wopanda munthu sukulu nayo imaluza.

Ine zomwe zimandiwawa ndi ma distirikiti omwe amathamangira kuopseza. Mwana wazaka 7 sajomba dala, pali mphumu, pali basi yomwe sifika komwe akukhala, pali anzake omuzunza, pali mayi wogwira shifiti yausiku yemwe amafika kunyumba belu litalira kale, ndiye chindapusa chichiritsa chiti pazimenezi? Ku Texas mpaka 2015 kujomba unali mlandu weniweni, ana ankaima pamaso pa woweruza, kenako anasintha lamulolo. Ku Connecticut mu 2021 anayamba pulogalamu ya LEAP, anthu akusukulu amapita kunyumba kwa mwana kukakhala pansi ndi makolo n'kufunsa chomwe chikuvuta, ndipo ana ambiri anayambanso kubwera bwino. Njira imeneyi ndi yomwe ine ndimaikhulupirira.

Koma kalatayo musaiponye mubini. Akatswiri ena awiri, Todd Rogers ndi Avi Feller, anachita kafukufuku ku Philadelphia ndipo anapeza kuti makolo ambiri amaganiza kuti mwana wawo wajomba masiku ochepa kuposa enieniwo, ndipo kungowatumizira kalata yonena nambala yeniyeni kunachepetsa kujomba. Wanuyonso ali pamsinkhu wophunzira kuwerenga, tsiku lomwe anzake aphunzira mawu atsopano iye ali pabedi silibwereranso, olo chifukwa chake chikhale chomveka bwanji.

Ndiye pitani kusukuluko, pemphani akusindikizireni masiku onse omwe analemba kuti sanabwere, muwafananize ndi omwe inu mukudziwa chifukwa nthawi zina mwana wongochedwa amalembedwa kuti wajomba. Mukatero funsani za 504 plan, yomwe ndi ndondomeko yolembedwa ya thandizo lapadera lomwe sukulu izimupatsa mwana, imachokera pa lamulo la 1973 loteteza anthu olumala ndi odwala matenda okhalitsa, ndipo mwana wamphumu atha kulowamo. Mmenemo mutha kugwirizana kuti inhela yake izikhala kwa nesi wapasukulu italembedwa dzina lake, kuti chifuwa chikangoyamba pang'ono azikapopera komweko n'kubwerera mkalasi mmalo mogona kunyumba tsiku lonse, komanso kuti akadwaladi aphunzitsi azikutumizirani ntchito yatsikulo. Popita tengani kalata ya adokotala, ndipo zonse zomwe mugwirizane auzeni akulembereni pa imelo.