Mawanga a pa nyenyezi, kodi ndiye kuti zikuzima?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, akuti mwana wawo wa Fomu 3 wamva zoti nyenyezi zofanana ndi dzuwa koma zidakali zanthete zimakhala ndi mawanga akuda akuluakulu, ndiye wawapanikiza kuti kodi zikuzima? Pepani mayi ndachedwa kuyankha, zala zimachita kuuma ndi chisanu cha Juni chino.

Sizikuzima ayi, kwenikweni mphamvu zachita kuzichulukira. Banga ndi malo amene maginito akula mphamvu mpaka kutchinga mpweya wotentha kuti usakwere bwino kuchokera mkati, ndiye pamalopo pamazizirako. Pamwamba pa dzuwa lathu pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, pabanga penipeni ndi cha m'ma 3,500 mpaka 4,000, ndiyetu kudako ndi kwa maso chabe chifukwa pambali pake pakuwala kwambiri.

Nanga zanthetezi zimaposa bwanji? Mukukumbukira dainamo ya njinga ija yokhudza tayala? Wa sakramento, wakabaza uja, akamakwera chitunda thukuta lili kamukamu nyale imangoti phethiphethi, koma akayamba kutsetsereka imawala mpaka kuona maenje onse. Nyenyezi nayo ndi chimodzimodzi, mkati mwake mpweya wokhala ndi magetsi umabwadamuka ngati phala pamoto, ukaphatikiza ndi kuzungulira kwa nyenyeziyo maginito amabadwa, ikamazungulira mothamanga maginitonso amakula. Dzuwa lathu ndi nkhalamba ya zaka 4.6 biliyoni, kuti lizungulire kamodzi pakatikati pake pamatenga masiku 25, mawanga ake nthawi zambiri safika ndi 1 peresenti yomwe ya nkhope yake. Pomwe nyenyezi yofanana ndi dzuwa yotchedwa EK Draconis, ya zaka pafupifupi 100 miliyoni basi, imamaliza m'masiku osakwana 3! Mu 2020 akatswiri a ku Japan anaiona ikuphulitsa moto ndi kulavula mpweya wochuluka kuposa umene tinaonapo padzuwa, ine zimandipatsa maganizo kuti dziko lathuli lili khanda linkawambidwa chonchi.

Zikamakula zimafatsa. Mphepo yotuluka m'nyenyezi imakokana ndi maginito nkumachita ngati buleki, katswiri wa nyenyezi Andrew Skumanich anaonetsa mu 1972 kuti liwiro limatsika malinga ndi zaka.

Mwana wanuyo afunsanso kuti amawaona bwanji poti nyenyezi ndi kadontho chabe, dikirani muone. Nthawi zambiri amangoyeza kuwala. Banga likayang'ana kuno nyenyezi imachita mdima pang'ono, likapita kuseri imawalanso, ndiye makina oonera kutali ngati TESS wa 2018 amalemba kutsika ndi kukwerako monga ankachitira Kepler wa 2009, pomwepo liwiro ladziwika.

Chonde asayerekeze kuyang'ana dzuwa kuti aone mawanga, maso apita. Adikire Disembala madzulo, mitambo ya Mzuzu ikalola, mumuonetse Nsangwe, kagulu kaja kothithikana. M'menemo muli zanthete zambiri za msinkhu ngati wa EK Draconis, kungoti zofanana ndi dzuwazo sizioneka ndi maso okha, zowala mukuzionazo ndi zikuluzikulu zotentha kwambiri.