Kwa aphunzitsi a ku Ulongwe: za maginito ndi kulimba kwa mchere

Aphunzitsi, mwafunsa ngati ophunzira anu a kalasi 12 angathe kusonyeza pa chionetsero cha sayansi kuti maginito a mu sipika amafewetsa timiyala ta mchere, poukanda mcherewo ndi msomali usanaikidwe pa maginito ndiponso utachotsedwapo. Malangizo anga ndi akuti nkhaniyi muwaphunzitse ndithu, koma za msomalizo muzisiye, chifukwa kusintha kumene kumachitika ndi kochepa kwambiri moti dzanja ndi diso sizingakuzindikire.

Nkhaniyi payokha si mphekesera. Mu 1987, Vladimir Alshits ndi anzake a ku Institute of Crystallography ku Moscow analengeza kuti makristalo a mchere (timiyala tija) akaikidwa m'maginito osafika tesla imodzi (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), zolakwika za m'kati mwake zotchedwa dislocation zimasuntha popanda wina kupanikiza kristaloyo. Pambuyo pake zimenezi zinaonekanso mu lithium fluoride, zinki ndi aluminiyamu, zinthu zimene maginito sazikoka, ndipo akatswiri amazitcha magnetoplastic effect.

Ana a kuno ku Angónia adzamva msanga mukawatengera kumunda. Mu kristalo maatomu amakhala m'mizere ngati ya mbatata ya kachewere, koma pena mzere umathera pakati pa munda, ndipo mizere yoyandikana nayo imapindika kuti itseke mpatawo. Pothera mzere pamenepo ndiye dislocation, ndipo kristalo imakhala yofewa ngati malo oterewa akusuntha mosavuta. Chimene chimawagwira ndi maatomu achilendo, monga calcium yopezeka mu mchere, amene ali ngati zitsa zokola khasu. Maginito sakankha dislocation, ndipo sangathe n'komwe: pa tesla imodzi, mphamvu imene amapatsa elekitironi ndi pafupifupi 0.00006 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu zazing'ono kwambiri), pamene kutentha wamba kwa m'chipinda kumapereka 0.025 eV, kuchuluka kuwirikiza pafupifupi ka 400. Malinga ndi mafotokozedwe amene ambiri amavomereza, maginito amangosintha spin (kumene kamaginito ka m'kati mwa elekitironi kaloza) ya maelekitironi awiri pamalo pamene dislocation yakodwa pa chitsa chija, mgwirizano wawo n'kufooka, kenaka kupanikizika kumene kunali kale m'kati mwa kristaloyo n'kumaliza ntchito. N'chifukwa chake zotsatira zimadalira mtundu wa maatomu achilendowo, moti mchere wokhala ndi mtovu unapezeka kuti umalimba m'malo mofewa. Ine mfundo imeneyi ndiyo imandisangalatsa koposa, ndipo ndiyo imatsutsa aliyense wonena mwachidule kuti maginito amafewetsa miyala.

Tsopano onani pamene msomali ukulepherera. Mtunda umene dislocation imayenda umakula molingana ndi mphamvu ya maginito itachulukitsidwa ndi iyo yomwe, kotero maginito akachepa ndi theka, mtundawo umatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo maginito akuda a mu sipika nthawi zambiri safika 0.2 tesla pankhope pake. Kulimba kwa pamwamba, kumene Yuri Golovin ndi Roman Morgunov anafufuza ku Tambov m'zaka za m'ma 1990, kumasintha ndi maperesenti ochepa chabe, ndipo kumayesedwa ndi makina a Vickers, amene amadinda kristalo ndi kansonga ka dayamondi, chidindocho n'kuchiyesa pa maikulosikopu. Vuto lina ndi chinyezi. Mchere umayamba kusungunuka pamwamba chinyezi cha mumpweya chikapitirira 75 peresenti, ndiye m'nyengo ya dzinja ana adzakhala akuyesa mvula ya ku Ulongwe, iwo n'kumaganiza kuti akuyesa maginito.

Chimene ndingakonde ndi chakuti ophunzira akuze okha makristalo, poumitsa pang'onopang'ono madzi amchere wambiri m'mbale yovindikira ndi kansalu, kenaka awadule ndi lezala kuti aone mmene amasweka motsatira mbali zowongoka. Pambali pake aumbe munda wa mizere ndi dothi, wokhala ndi mzere wothera pakati ndi timitengo ngati zitsa, ndipo awerengetsere pamaso pa oweruza manambala awiri a mphamvu aja.

Ngati mtima wanu uli pa kuyesa kwenikweni, lemberani kalata Instituto Superior Politécnico de Tete, kumene amaphunzitsa za migodi, muwafunse ngati ali ndi makina a Vickers. Mukatero mugwiritse ntchito maginito amphamvu kwambiri a neodymium, monga ochotsa mu hard disk yakale, mudule kristalo imodzi pawiri kuti chidutswa china chisayandikire maginito, musunge zonse ziwiri m'botolo louma lotseka bwino, ndipo wodindayo adinde malo ambiri asakudziwa kuti chidutswa chimene chinali pa maginito ndi chiti.