Yankho kwa azakhali pa za ejenti wa nyumba ya ku Area 25

Azakhali, ndamvetsera uthenga umene munatumiza usiku m'gulu lathu la banja, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Ngati ndamva bwino, munapereka nyumba ya ku Area 25 kwa ejenti miyezi 8 yapitayo kuti akupezereni wogula, koma mpaka lero palibe amene watchulako mtengo, mukaimba foni kuchokera ku Johannesburg amayankha mwa apo ndi apo, ndipo tsopano akupempha ndalama zina zotsatsira malonda pamodzi ndi chikalata chenicheni cha nyumbayo. Mukufunsa ngati mumusiye kapena mupirirebe.

Ndiyambe ndi kumuikira kumbuyo pang'ono munthuyo, ngakhale sindikumudziwa. Miyezi 8 payokha si mlandu, chifukwa kugulitsa nyumba ku Lilongwe masiku ano si kwapafupi. Chichokereni pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi zitsulo zinakwera, ndiye eni nyumba anakwezanso mitengo yawo, pamene malipiro a anthu amene angagule sanakwere mofanana. Ku mabanki nako chiwongoladzanja chinapitirira 25 peresenti, kotero kuti munthu wa pantchito amene kale akanapita ku NBS kapena ku National Bank kukatenga ngongole ya nyumba amawerengetsera kawiri katatu, kenako n'kubwerera ku lendi. Ogula amene atsala ndi a ndalama m'manja, ndipo amenewo sathamanga komanso amanenerera kwambiri. Nyengo nayonso imakhudza malonda. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndalama za anthu zimathera ku feteleza ndi ku fizi, misewu ya m'masekitala imadzaza matope, ndipo nyumba imaoneka yoipa kuposa mmene ilili. Ndalama zimayamba kuyenda msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, pa Kanengo pompo pafupi ndi nyumba yanuyo. Choncho akanena kuti msika wavuta sakunama.

Vuto ndi lakuti mawu amenewo angathe kunenedwa ndi munthu amene wagwira ntchito ndiponso ndi munthu amene sanachite kanthu. Kusiyana kwa awiriwa kumaoneka mukawafunsa mafunso ofuna mayankho enieni. Ejenti amene wakhala akuyenda ndi nyumba yanu akhoza kukuuzani kuti anabweretsa anthu angati, mwezi uti, ndiponso chimene aliyense anakanira. Wina anadandaula za mpanda, wina anati mtengo wakwera kuyerekeza ndi nyumba ina ya m'sekitala yomweyo, wina anafunsa za mapepala n'kusabweranso. Mayankho oterewa ndi ofunika kwa inu ngakhale nyumba isanagulidwe, chifukwa ndi amene amakuuzani ngati mukonze kanthu kapena mutsitse mtengo. Akhozanso kukutumizirani zithunzi zimene anajambula ndi malo amene anatsatsapo, kaya ndi pa Facebook, m'magulu a WhatsApp kapena m'nyuzipepala. Ngati pa miyezi yonseyi alibe dzina la munthu ngakhale mmodzi amene analowa pa geti, ndiye kuti nyumba yanu inangolembedwa m'kope mwake n'kuiwalika. Ndipo izi n'zosavuta kutsimikiza, popeza alendi amene akukhalamo ndi amene amatsegula chitseko. Afunseni mwaulemu kuti ndi kangati pamene alandira alendo odzaona nyumba. Ndionjezere apa kuti alendi ena safuna kuti nyumba igulidwe, poopa kusamutsidwa, ndiye amauza odzaona kuti madzi amavuta kapena kuti denga limadontha. Ejenti wodziwa ntchito amazindikira zimenezi msanga n'kukuuzani, m'malo mongokhala chete.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri mu uthenga wanu si kuchedwako ayi, koma pempho la chikalata. Ejenti safunika chikalata chenicheni kuti apeze wogula. Fotokope imakwana, ndipo wogula wanzeru amatenga nambala ya puloti n'kukafufuza yekha ku ofesi ya za malo kapena kutuma loya wake. Chikalata chenicheni chimatuluka pa nthawi yosintha umwini, ndipo chimapita m'manja mwa loya, osati mwa munthu wotsatsa malonda. Sindikunena kuti munthuyo ndi wakuba, koma nkhani za nyumba zogulitsidwa mwini wake ali kunja, kapena zoperekedwa chikole kwa anthu a katapira, sizachilendo ku Lilongwe kuno. Inu muli kutali, ndipo munthu amene ali ndi makiyi, chikalata ndi fotokope ya chiphaso chanu ali ndi pafupifupi zonse zimene wachinyengo amafuna. Chonde musatumize, ngakhale atanena kuti wogula wafika ndipo akuthamanga.

Ndalama zotsatsira malonda nazonso muzifunse bwino. Malipiro a ejenti ndi komishoni imene amalandira nyumba ikagulidwa, ndipo chimene chimamuthamangitsa ndi chimenecho. Akayamba kudya nyumba isanagulidwe, changu chimachepa. Ngati munagwirizana poyamba kuti mudzalipira zotsatsa m'nyuzipepala, akuonetseni malisiti a zimene munapereka kale musanaonjezere ina.

Pali chinthu china chimene ndikufuna tifufuze sabata ino, ndipo ndi chimene chimapha malonda a nyumba zambiri mwini wake asakudziwa. Maejenti ena, makamaka madobadoba amene alibe ofesi, amaika zapamwamba pa mtengo wa mwini nyumba. Inu mukatchula mtengo wanu, iye amauza ogula mtengo wokwererapo kuti zotsalazo zikhale zake, kuonjezera pa komishoni. Akagawirako anzake nkhaniyo, aliyense amaikaponso yake, mpaka nyumba imodzi imaoneka pa Facebook ndi mitengo itatu yosiyana. Wogula akaona choncho amaganiza kuti pali chinyengo, kapena amangodikira kuti mtengo ugwe. Njira yodziwira ndi yapafupi. Ndipempha mnzanga amene ejentiyo sakumudziwa kuti amuimbire ngati munthu wofuna nyumba ku Area 25. Tidzamva ngati angaitchule n'komwe nyumba yanu, mtengo umene anganene, ndalama imene angapemphe yokaonera, ndiponso ngati angafike pa nthawi imene apangana. Akatchula mtengo wosiyana ndi wanu, azakhali, pamenepo palibenso zokambirana kapena kumupatsa mwezi wina. Munthu waulesi mungathe kumuchenjeza n'kumuikira malire, koma amene wakunamizani pa ndalama mumusiye tsiku lomwelo.

Tsopano ndinene mbali imene mwina simuikonda, ndipo mundikhululukire. N'kutheka kuti vuto lina lili kwa ife. Mmene ndikudziwira, mapepala a nyumba ija akadali m'dzina la malemu amalume. Ngati zili choncho, inu simungasaine kusintha umwini pongonena kuti ndinu mkazi wawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti pakhale munthu wopatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, zimene zimadzera ku khoti kapena ku ofesi ya Administrator General, ya boma yoona za chuma cha masiye, ndipo ana nawonso ali ndi gawo lawo. Wogula aliyense wobwera ndi loya kapena ndi ngongole ya ku banki adzaima pomwepo akangoona dzina la munthu womwalira pa chikalata. Kupatula apo, malo a mu mzinda wa Lilongwe ena ali pansi pa Unduna wa za Malo, ena pansi pa Malawi Housing Corporation, ena pansi pa khonsolo ya mzinda, ndipo kulikonse kuli njira yakeyake yopezera chilolezo chosinthira umwini. Adzafuna kuona kuti ndalama za nthaka ndi misonkho ya khonsolo zilibe ngongole, ndiponso chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Mukasintha ejenti zinthu zimenezi zisanakonzedwe, watsopanoyo adzakakamira pa malo omwewo.

Komabe apa ndi pamene ndikumuweruzira ejenti wanuyo kwambiri. Munthu wodziwa ntchito yake amafunsa za mapepala pa tsiku loyamba, asanajambule n'chithunzi chomwe, chifukwa amadziwa kuti wogula akapezeka mapepala asanalongosoke, thukuta lake lapita pachabe. Ngati pa miyezi 8 sanakufunseni kuti chikalata chili m'dzina la yani, ndipo akuchifuna lero popanda kufotokoza chifukwa, ndiye kuti mwina ntchitoyi sakuidziwa, mwinanso akuchifunira zina. Zonse ziwirizi si zabwino kwa inu.

Za mtengo ndinene mwachidule. Ngati mtengo munautenga kwa ejenti yemweyo, kapena kwa achibale amene anamva kuti wina anagulitsa mwakuti ku Area 47, ndi bwino kulipira katswiri wovomerezeka wowerengera mtengo wa nyumba kuti alembe lipoti. Maejenti ena amatchula mtengo waukulu dala kuti muwapatse nyumba, akudziwa kuti pakapita miyezi mudzatsitsa nokha. Lipotilo lidzakuthandizaninso pokambirana ndi wogula wodzera ku banki, popeza banki nayo imatuma woyesa mtengo isanapereke ngongole.

Maganizo anga ndi akuti mumulembere uthenga lero, osati kumuimbira, kuti pakhale umboni. Mumupemphe mndandanda wa anthu amene anaonetsedwa nyumba, malo amene anatsatsa, mtengo umene akuuza anthu, ndi umboni wakuti ndi wolembetsedwa mwalamulo pa ntchito yogulitsa nyumba. Kumeneko ku South Africa mukudziwa kuti ejenti amayenera kukhala ndi chiphaso chomuloleza kugwira ntchitoyi, chotchedwa Fidelity Fund Certificate, asanalandire komishoni. Kunonso lamulo limafuna kuti ogwira ntchitoyi alembetse, kungoti ambiri amene amaima pa magolosale ndi mafoni awiri m'manja sanalembetsepo. Mumupatse masabata awiri. Akayankha momveka, ndipo mnzanga uja akapeza kuti mtengo ndi womwewo, mungathe kumusunga kwa miyezi ina iwiri kapena itatu pamene tikukonza mapepala, koma pa mgwirizano wolembedwa wokhala ndi tsiku lothera ndi lonjezo lakuti azikupatsani lipoti masabata awiri alionse. Akazemba, kapena akayankha ndi mkwiyo kuti simukumukhulupirira, yankho mwalipeza.

Posiyana naye pakufunika kusamala, chifukwa milandu yambiri imabadwira pamenepo. Yang'anani ngati munasainirana pepala lililonse, makamaka ngati linanena kuti iye yekha ndiye azigulitsa nyumbayo kwa nthawi yakutiyakuti. Ngati nthawiyo sinathe ndipo mwagulitsa kudzera mwa wina, akhoza kufuna komishoni yake, inu n'kulipira kawiri. Ngakhale popanda pepala lotero, munthu amene iye anamubweretsa akadzagula pambuyo pake, ejentiyo akhoza kunena kuti malondawo anayambitsa ndi iye. N'chifukwa chake mndandanda wa mayina uja uli wofunika kwa nonse awiri. Amene ali pa mndandanda ndi ake, ndipo akagula mudzamulipira mwachilungamo, koma amene sali pamenepo alibe nawo gawo. Kalata yothetsa mgwirizano itchule tsiku, imuuze kuti achotse zithunzi ndi chikwangwani, abweze makiyi ndi mafotokope onse, ndipo anene ngati pali munthu amene anapereka dipoziti kwa iye. Funso lomalizali musalisiye, chifukwa simukufuna kuti mlendo adzafike pa geti ndi lisiti la ndalama zimene inu simunazione. Maloko a geti ndi a chitseko chachikulu tisinthe ndithu, ndipo alendi tiwauze kuti asatsegulirenso munthu wobwera m'dzina lake.

Ndaonanso kuti achimwene analemba m'gulu muja kuti mungopereka nyumbayo kwa maejenti asanu nthawi imodzi kuti apikisane. Ine ndikuona mosiyana, ndipo andikhululukire. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ejenti amene akudziwa kuti anzake anayi ali ndi nyumba yomweyo saikapo mafuta a galimoto yake, ndipo mitengo yosiyanasiyana ija imayambira pomwepo. Ndi bwino kusankha mmodzi amene ali ndi ofesi yoti munthu n'kupitako, amene angatchule nyumba zimene wagulitsa ku Area 25 kapena ku Area 49 chaka chino, n'kumupatsa miyezi itatu yolembedwa. Ndalama za wogula zisadzere m'thumba mwake, koma zipite ku akaunti ya loya kapena yanu. Ngati simungathe kubwera kudzasaina, loya akhoza kukonza chikalata chopereka mphamvu kwa munthu mmodzi wa m'banja, chotchula nyumba imeneyi yokha, ndipo mphamvu imeneyo isaperekedwe kwa ejenti.

Pakadali pano nditumizireni kumbali, osati m'gulu muno, chithunzi cha tsamba loyamba la chikalata, pepala lililonse limene munasainirana ndi ejentiyo, ndi mauthenga amene anakulemberani popempha ndalama. Ndikaona dzina limene lili pa chikalatacho ndi ofesi imene inachipereka, ndidzadziwa ngati tiyambire ku khonsolo, ku Housing kapena ku unduna, ndipo Loweruka ndidzadutsa ku nyumbako kukacheza ndi alendi. Mupereke moni kwa ana onse kumeneko.