Ndikagwade kapena ndikakane? Yankho kwa mtsikana wa ku Katete

Mlungu watha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa ku Katete amene wapeza malo ku UNZA (University of Zambia), yunivesite ya ku Lusaka. Funso lake ndi ili: "Anti, amayi akuti ndikakhale waulemu kwa aliyense, koma msuweni wanga akuti ku Lusaka munthu waulemu amadyeredwa masuku pamutu. Ndimvere ndani?"

Mwanawe, palibe wanama pamenepo, kungoti akunena zinthu ziwiri zosiyana.

Ulemu wa amayi ako udzaufuna tsiku loyamba lomwe, ndipo udzaufunira m'chipinda chogona. Yunivesite imeneyi inayamba mu 1966 ndi ophunzira mazana ochepa chabe. Lero ndi zikwizikwi, ndipo malo ogona ndi osakwana. N'chifukwa chake udzamva za kusikwata: chipinda chomangidwira anthu awiri kugonamo anayi kapena kuposa. Ena amachita lendi ku Kalingalinga kapena ku Kalundu. M'malo othina chonchi anthu sakangana pa nkhani zikuluzikulu. Amakangana pa poto wosiyidwa ndi makoko a nsima, pa chaja chotengedwa osapempha, pa foni yoyankhulidwa mokweza mnzako ali ndi mayeso mawa. Ndiye pali chizolowezi chobweretsa chibwenzi n'kuuza anzako kuti akaone kogona, chimene ophunzira amachitcha exile n'kumaseka. Ine sindiseka nawo. Mtsikana amene wamutulutsa usiku uja akupita kuti? Komanso mudzakhala ndi Abemba, Atonga, Alozi. Ukamalankhula Chinyanja ndi wakwanu pamaso pawo, usamachite ngati mukuwajeda.

Tsopano za msuweni wako, pakuti apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse. Kwathu kum'mawa anatiphunzitsa kugwada popereka madzi, kulandira ndi manja awiri, kusayang'ana wamkulu m'maso. Chimene sanatiphunzitse bwino ndi kumukana wamkulu. Ndipo anthu oipa amadziwa zimenezi. Mphunzitsi akakuitana kuti mukambirane za malikisi ako, malo ake ndi ofesi, masana, chitseko chili chotsegula. Akanena za loji, za kukutenga pa galimoto madzulo, kapena akayamba kulemba pa WhatsApp usiku kuti "wagona kale?", si nkhani ya sukulu imeneyo. Yankha mwaulemu kuti, "Pepani a lekichara, ndibwera ku ofesi mawa ndi mnzanga." Sunamutukwane, koma wakana. Mauthengawo usafufute, ndi mboni yako. Chimodzimodzi anyamata a zaka zapamwamba amene amathamangira kunyamula chikwama cha wa chaka choyamba. Ena ndi abwino ndithu, koma kukunyamulira katundu si ngongole yoti ubweze ndi thupi.

Zikafika poipa, pali kopita. Pa sukulu pali ofesi ya Dean of Students. Ku polisi funsa Victim Support Unit. Lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi lilipo kuyambira 2011, ndipo nambala ya 933 yoimbira pofuna thandizo pa nkhanza zotere ndi yaulere. Ngati wina wakugwirira, pita kuchipatala msanga, usayambe wasamba kapena kuchapa zovala. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Manyazi asakudyere maola amenewo.

Zina ndingodutsamo. Great East Road mu Lusaka si ngati mmene ilili ku Katete, woloka pa mlatho wa oyenda pansi ngakhale wachedwa. Usiku usayende wekha foni ili m'manja. Ukakwera Yango, takisi yoitanitsa pa foni, tumizira mnzako nambala ya galimoto. Chakumwa chimene unachisiya n'kupita kukavina, chitaye. Chithunzi cha maliseche usatumizire munthu, ngakhale walumbira kuti adzakukwatira, ndipo cha mnzako chikakufika usachipititse kwina.

Za zionetsero ndinenepo pang'ono, chifukwa zidzakupeza. Ophunzira ali ndi ufulu wodandaula, ndipo bungwe lawo la UNZASU lilipo pa ntchito imeneyo. Koma mu Okutobala 2018, pa chipwirikiti cha ndalama za chakudya, wophunzira Vespers Shimuzhila anamwalira atabanika m'nyumba yogona apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi. Ukangomva kuti matayala ayamba kuyaka pamsewu, ganiza msanga za potulukira ndi kwa wachibale kumene ungakagone, usadikire mdima.

Amayi ako usawabisire zonsezi poopa kuti adzakubweza kumudzi. Awerengere yankho lino, ndipo nambala ya mnzako wa m'chipinda akhale nayo. Ponyamuka usaiwale loko wako wa sutikesi ndi ndowa yakoyako, pakuti madzi akasowa pa mpopi ya mnzako imakhala ili ndi ntchito kale.