Kodi kempt ndi mawu enieni kapena nesi analakwitsa sipelo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amasamalira okalamba mu mzinda wa Leeds ku Britain, dzina sinditchula. Akuti: "Achimwene, ine Chingerezi ndinakhoza bwinobwino pa MSCE koma cha kunochi chikundizunguza mutu. Mu faelo ya agogo ena amene ndimawasamalira nesi analemba kuti well kempt. Ine ndimadziwa unkempt ndi well kept basi, moti ndinatsala pang'ono kumuuza kuti walakwitsa. Kodi mawu amenewa alipodi? Nanga munthu akatchena ndingamuuze kuti you look kempt?"

Achemwali, munachita bwino kuugwira mtima, mukanayaluka. Nesiyo sanalakwitse, kempt ndi mawu enieni ndipo ndi akale kwambiri. Koma funso lanu lachiwirilo yankho lake ndi ayi, ndipo chifukwa chake ndi chimene chandipangitsa kulemba zambiri chonchi.

Nkhani yonse ndi ya chipeso. Mu Chingerezi chakalekale, zaka zoposa 1,000 zapitazo, chipeso ankachitcha camb ndipo kupesa ankati cemban. Kusintha kwa kamvekedwe kotereku si kwachilendo kwa iwo, ndi kofanana ndi ka food ndi feed, kapena blood ndi bleed, ngati mmene ife tilili ndi kupesa ndi chipeso. Cemban uja patsogolo anasanduka kemb, ndipo tsitsi lopesedwa linkakhala kembed kapena kempt. Mpaka lero Mjeremani akamapesa amati kämmen, Mdatchi amati kammen, ndiye mukuona kuti ndi mbumba imodzi. Kenako azungu anangoyamba kugwiritsa ntchito comb ponena chipeso komanso kupesa komwe, kemb n'kufa, kempt n'kutsala pang'ono kumutsatira kumanda. Amene anapulumuka ndi unkempt, amene tanthauzo lake lenileni ndi losapesa, lija timati tsitsi lili nyankhalala. Wandakatulo Edmund Spenser mu 1579 anagwiritsa ntchito unkempt ponena ndakatulo zake zomwe, kuti nzosasalala, zosapesa titero, ndiye kuyambira kale mawuwa sankangokhala pa tsitsi pokha. Lero munthu, ndevu, kapinga wapakhomo, zonse zimatha kukhala unkempt.

Ndiye kempt amene mukumuona masiku anoyu kwenikweni ndi wochita kudzutsidwa, anthu anangotenga unkempt n'kudula un. Vuto lili pamenepo, chifukwa mzungu akamva mawu odulidwa chonchi khutu lake limamva nthabwala. Pali kagulu ka mawu otere. Disgruntled aliyense amawadziwa koma gruntled anatchuka ndi mlembi wa nkhani zoseketsa P. G. Wodehouse mu 1938, pofuna kuseketsa anthu. Uncouth alipo, koma munthu akati couth amakhala akumwetulira. Kempt payekha ali m'gulu lomwelo, moti mukauza mnzanu wa kuntchito kuti you look kempt today aseka, kapena ayamba kudzifunsa kuti kodi masiku onsewa ndimaoneka bwanji.

Taganizani Chichewa chake. Mwakumana ndi alamu anu pa chinkhoswe, avala suti yatsopano, nsapato yopolisha mpaka mukudziona nkhope, mpango wofanana ndi tayi uli pathumba, inu n'kuwauza kuti "alamu, koma lero mwapesa." Kumeneko ndi kuyamikira kapena kutukwana? Iwo amadikira kuti mwatchena, mwaphula, mwabeba. Kempt ndi mwapesa, kapena mwasamba. Amangonena kuti palibe cholakwika, sapereka ulemu wina uliwonse.

Nchifukwa chake kuchipatala amakhala bwino. Madokotala ndi manesi, makamaka a zamaganizo, akamaunika munthu mu chimene amati mental state examination amayambira pa maonekedwe ndi machitidwe ake, asanafike pa zolankhula, maganizo ndi zinazo. Cholinga si kuona ngati wodwala amadziwa fashoni ayi. Munthu akayamba kudwala matenda a nkhawa aja a depression, kapena kuiwalaiwala kwa ukalamba, chimodzi mwa zinthu zoyamba kutayika ndi kudzisamalira. Ndiye nesi akalemba well kempt akuuza mnzake wa shifiti yotsatira kuti agogowa asamba, tsitsi apesa, zovala nzoyera ndipo nzogwirizana ndi nyengo, mbali imeneyo kulibe chodetsa nkhawa. Ndipo onani kuti kawirikawiri pamakhala well kutsogolo, ka well kameneko ndi kamene kamachotsa nthabwala ija. Mu manotsi anu lembani well kempt mopanda mantha, palibe amene aseke.

Koma pa unkempt ndili ndi maganizo anga, mukhoza kutsutsa. Ine ndimaona kuti mawuwa ndi aulesi mukawalemba okha. Tinene agogo aamuna amene masiku onse amameta ndevu m'mawa uliwonse ndi kupisira shati, lero mwawapeza ndevu za masiku atatu, mabatani a juzi amanga mosemphana, batani lachiwiri lili pabowo lachitatu, pakolala pali dontho la tiyi wa dzana, ndipo chipeso chawo chili pawindo pomwe munachisiya Lolemba. Lembani zimenezo momwe mwazionera. Wowerenga adziwa kuti china chake chasintha pa munthu ameneyu, pomwe unkempt yekha akhoza kungotanthauza kuti mwawapeza atangodzuka kumene. Komanso achibale amatha kupempha kuona manotsiwo, ndipo kuwerenga kuti bambo ako ndi unkempt kumawawa kusiyana ndi kuwerenga kuti sanamete masiku atatu.

Za well kept zija simunalakwe, alipo, kungoti ndi ochokera ku keep, kusunga. Amayenera kwambiri zinthu ndi malo, nyumba, dimba, galimoto, ngakhale chinsinsi. Mawu awiriwa si pachibale, anangofanana nkhope, ngakhale azungu eniake amawasokoneza kawirikawiri.

Nanga munthu watchenadi mumuuze chani? Smart amene timanena kumudziyu ku Britain amagwira ntchito bwino lomwe, you look smart, nkhani yatha. Chenjerani ndi aku America okha, kwa iwo smart kwenikweni ndi wanzeru. Agogo aamuna akavala jekete ndi tayi pa tsiku lobadwa, auzeni kuti dapper muone mmene asekerere. Mawu amenewa ndi a amuna makamaka, ndipo anachokera ku Chidatchi komwe amatanthauza wolimba mtima, sindimatha kuwamva osakumbuka madala ena a kwathu amene ankapita ku tchalitchi atavala chipewa ndi ndodo m'manja ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Natty ndi wofananako koma ndi wocheza, ndipo amakonda kunena chovalacho, tayi kapena chipewa. Palinso spruce, amene amamveka kwambiri mu spruce up, kukonza munthu kapena chipinda kuti chioneke bwino, ndipo akuluakulu a mawu amati anachokera ku dzina lakale la Prussia chifukwa cha zikopa za kumeneko zomwe anthu otchena ankavala. Soigné ndi wa Chifalansa, kwa mayi amalemba soignée, amenewo asiyireni olemba magazini a fashoni, mu care home angokuyang'anani. Kwa agogo aakazi lovely akwanira, amakondwa nawo kuposa mawu onse ovutawa.

Chomaliza ndi katchulidwe, poti ife lilime limafuna kuthera pa vawelo ndiye timapezeka tanena kemputi. Ndi silabulo imodzi yokha, tsekani milomo pa mp n'kumaliza ndi ka t kouma, ngati mmene mumathera attempt. Yesererani muli nokha kubafa musanapite ku handover, kuja mumapatsirana malipoti posinthana shifiti.