Kwa achemwali ofuna kukhala okha m'nkhalango pa tsiku lawo lobadwa

Achemwali, mwati tsiku lanu lokumbukira kubadwa likugwa mkati mwa sabata mu Okutobala, keke ndi phwando simukuzifuna chaka chino, galimoto mulibe, ndipo mukufuna malo a mitengo oti mukakhale phee panokha. Ena akuuzani kale za Senga Bay. Ine ndikuti ayi. Kunyanja n'kokoma ndithu, koma kupita ku Salima pa minibasi n'kubwerera tsiku lomwelo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, mudzafika kunyumba muli wefuwefu. Tsiku lanu lisathere panjira.

Pitani ku Lilongwe Wildlife Centre. Ili mumsewu wa Kenyatta, pakati pa Old Town ndi City Centre, malo amene ambirife timangodutsapo pa minibasi osadziwa kuti kuseri kwa mpandawo kuli nkhalango yeniyeni, ndipo mtsinje wa Lingadzi ukuyenda m'kati mwake. Muli tinjira toyenda pansi tokhala ndi zikwangwani, tina tatifupi tina titalitali, moti simungasochere. Pachipata mumalipira, ndiye tengani ndalama m'manja. Chimene ndawasankhira malowa n'chakuti munthu wamkazi amatha kukhala yekha popanda kucheukacheuka: mwalowera pachipata, ogwira ntchito akudziwa kuti muli m'katimo, koma palibe wokulondolani kapena kukufunsani nkhani. Malo otere m'tauni muno ndi osowa.

Lawirirani. Mukafike akungotsegula kumene, kusanatenthe, mbalame zikadali pa phokoso lawo la m'mawa. Mukayenda pang'ono kulowera kumtsinje, kulira kwa magalimoto kumayamba kuzilala, n'kutsala tswatswa wa masamba ouma pansi pa nsapato zanu. Nyengo imeneyo udzu umakhala utauma, ndiye maso amaona patali. Mukakhala pansi osagwedezeka kwa kanthawi, mwina mbawala kapena gwape adzatulukira, kukuyang'anani makutu ali njo, kenako n'kupitiriza kudya. Dzuwa likakwera nyenje zimayamba kulira mosalekeza, ndipo nthawi imeneyo ndi yoyala chitenje pamthunzi n'kugona chagada, kuyang'ana nthambi. Musadzikakamize kumaliza njira zonse. Mwapita kukapuma.

Apusi okha ndiwo muwasamale. Nthochi mukaziika poyera pa chitenje, mukangotembenuka kutsegula botolo la madzi, zapita. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, ndipo musawaponyere kanthu ngakhale akuyang'aneni momvetsa chisoni, chifukwa akazolowera manja a anthu amayamba kulanda. Mumtsinje musaviike mapazi ngakhale kutenthe bwanji; Lingadzi ali ndi ng'ona. Madzi akumwa tengani ambiri kuposa mmene mukuganizira, mtedza wokazinga, mbatata yophika, chipewa, ndi nsapato zotseka. Zinyalala zanu mubwerere nazo.

Ngati thupi likufuna thukuta osati kugona, ndiye phiri la Nkhoma. Mumakwera minibasi ya msewu wa ku Dedza, kukhotera pa Kamphata mpaka ku mishoni, imene inakhazikitsidwa mu 1896. Pamwamba pake mphepo imaomba bwino ndipo mumaona midzi ndi minda mpaka kutali. Koma chakumapeto n'kotsetsereka, kogwira ndi manja, choncho pezani munthu wa komweko wokutsogolerani. Akhoza kukusiyani panokha pamwamba, iye n'kudikira chapansi. Phiri la Bunda lili pafupi ndipo silivuta kukwera, kungoti anthu ambiri amapita kukapemphera mokweza. Ngati nanunso mukufuna kupemphera, ndi malo abwino. Ngati mukufuna bata, mudzakhumudwa.

Ndaona wina watchula Dzalanyama. Kumeneko mtima wanga umakukonda kuposa konseku. Ndi nkhalango yaikulu ya miombo kumwera chakumadzulo kwa mzinda, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira usanafike ku Kamuzu Dam ku Malingunde, ndiye kuti madzi a m'mipope yathu amachokera kumeneko. Makolo athu Achewa amati ku Kaphirintiwa, m'mapiri omwewo, ndiko kumene anthu oyamba ndi nyama anatsikira, n'kusiya mapazi awo pathanthwe likadali lofewa. Pa tsiku lobadwa, ndani sangafune kukakhala malo otero? Komabe musapiteko nokha. Msewu wake ndi wafumbi, wofuna galimoto yolimba, foni siigwira paliponse, ndipo m'nkhalangomo mumayenda anthu ootcha makala mozemba, vuto limene linakula mpaka boma linatumizako asilikali. Kumeneko mudzapite tsiku lina ndi anzanu awiri atatu komanso wokutsogolerani, makamaka masuku akayamba kupsa chakumapeto kwa chaka.

Tsopano za anthu. Kuno kwathu munthu akati ndikufuna kukhala ndekha, abale amayamba kufunsana kuti kodi wakhumudwa chiyani, kapena akudwala. Inu musatope ndi kufotokoza. Imbirani mayi anu m'mawa musananyamuke, muwathokoze, chifukwa tsikulo ndi lawonso. Mukatero uzani munthu mmodzi womukhulupirira kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Foni ikhale yodzaza moto koma yopanda mawu, ili pansi pa chikwama. Mauthenga a mafuno abwino pa WhatsApp sawola, mudzawapeza madzulo. Ndikunenetsa zimenezi chifukwa mukangoyamba kujambula zithunzi zoika pa status, anthu onse amene mumafuna kupumako kwa iwo mwalowa nawo m'nkhalango.

Kuntchito pemphani tsikulo padakali nthawi, ndipo dzulo lake muimbe ku Wildlife Centre kufunsa nthawi yotsegulira, mtengo wolowera, komanso ngati kukubwera ana asukulu, kuti ngati alipo mudzayambire njira yakutali iwo asanafike. Potuluka musadikire mdima; pofika 4 koloko mukhale muli pamsewu, minibasi zisanadzaze ndi oweruka ku Capital Hill. Zaka zichuluke, achemwali.